GULE, ZISUDZO NDI NKHALANGO ZA M'MAPIRI A DEDZA

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa mafumu ndi ziwalo za bungwe, olembedwa kuti agawidwe kwa onse, ndi kwa iwo amene sanathe kufika.



Tapempha bwalo lero kuti tinene za cinthu cimene ena a inu munaciseka pamene Mlembi anaciwerenga pa mndandanda wa nkhani. Tinamva mau kumbuyoko akuti, Kodi ife akuru tasiya makasu athu ndi kuyenda ulendo wonsewu kudzamva za masewero? Sitiwiringula nako kusekako, pakuti ifenso tinakula ndi maganizo akuti sewero ndi la ana a sukulu pa tsiku lotsekera. Koma tipempha kuti mutilole tifike ku mapeto, ndipo pamenepo mudzaweruza nokha ngati mlandu uwu uli wa ana kapena wa eni dziko.

Inu amene mwadza ndi mseu wa ku Linthipe, ndi inu amene mwakwera Khwekhwerere kucokera ku Golomoti, simusowa wokuuzani za maonekedwe a mapiri athu. Mwakomana ndi njinga zosenza matumba a makala. Mwaona minda ya mbatata ya kacewere itakwera kufikira pa thanthwe pamene makolo athu sanaikepo khasu. Mwaoloka mitsinje imene m'mwezi wa January iyenda yofiira ngati katondo, ndipo pofika September ana alikukumba mcenga kufuna madzi. Zifukwa tizidziwa tonse, ndipo sitidzakhalitsapo. Tacuruka, ndipo munda umene unadyetsa banja limodzi ugawidwa tsopano kwa adzukulu ambiri. Kuyambira 1986 abale athu a ku Mozambique anathawira kuno nkhondo, nakhala m'midzi mwathu kufikira mtendere wa 1992 ndi kupitirirapo; anafuna mitengo ya nyumba ndi nkhuni monga munthu ali yense, ndipo sitiwaimba mlandu, pakuti ndiwo a Phiri ndi a Banda anzathu, olekanitsidwa nafe ndi mseu wokha. Pamwamba pa izi pali njerwa zoocha, moto wa osaka mbewa, ndi mzinda wa Lilongwe umene uphikira makala tsiku ndi tsiku. Ku Dzalanyama zinafika poti mu 2015 anatumizako asilikari kukalonda mitengo.

Tsono taonani cinthu cimodzi. Imani pa mtunda uli wonse wa dziko lino pamene mitengo yatha, nimupenye pansi: mudzaona kankhalango kakuda bii pambali pa mudzi, ka mikuyu, miwanga, misuku ndi mitengo yina yaikuru, kotsala kokha ngati cisumbu pakati pa minda. Mwana ali yense adzakuuzani kuti pamenepo ndi pamanda. Palibe mlonda wa Boma, palibe waya, palibe cikwangwani. Nkhwangwa imene sinaope lamulo la nkhalango, kapena faindi, kapena ndende, yaopa pamenepo. Ndipo m'midzi ya Acewa yokhala ndi mzinda, nkhalango yomweyo ndiyo dambwe, kwao kwa Gule Wamkuru.

Tisanapitirire, tikhazike pansi mitima ya eni mizinda. Sitinadze kudzatsegula citseko ca kudambwe. Pano pali ometa ndi osameta, pali akuru a mipingo ndi a ku mzikiti; tidzanena zokhazo zimene diso la munthu ali yense liziona pabwalo masana. Ndipo tikachula gule pamodzi ndi masewero sitimcepsa ai. Tidziwa kuti kwa eni ace ndiye mwambo wa maliro, wa cinamwali ndi wa kulonga ufumu. Tingoti ali nazo zonse za sewero ndi kuposapo: bwalo, ng'oma, oyimba, openya, ndi nkhani yoisewera.

Nkhaniyo ndi iti? Akuru anatiuza kuti paciyambi dziko linali louma, lopanda camoyo. Tsiku lina mitambo inakuta, mvula inagwa, ndipo pamodzi ndi mvulayo anatsika mwamuna ndi mkazi ali ndi khasu, licero ndi mtondo, ndi Cauta mwini, ndi nyama zonse. Anatera pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, thanthwe likali lofewa, nasiyapo mapazi ao. Anakhala pamodzi mumtendere, munthu ndi nyama ndi Cauta, kufikira tsiku limene munthu anapeka timitengo tiwiri, kena kolimba kena kofewa, naturutsa moto. Anamcenjeza, koma sanamve. Chire linayaka. Galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu. Njobvu, mkango ndi zinzao zinathawira kutali ziri ndi mkwiyo. Nanzikambe anakwera mumtengo, ndipo Cauta, amene sanathe kukwera, anatengedwa kumka kumwamba pa ulusi wa kangaude. Kuyambira pomwepo munthu amafa.

Wansembe wa Cikatolika, Matthew Schoffeleers wa ku Holland, amene anakhala zaka zambiri alikufunsa akuru za zinthu izi, anafotokoza kuti gule ndiye kubwereza kwa nkhani yomweyi. Pa maliro ndi pa cinamwali zirombo zituruka m'thengo, mizimu idza nazo, ndipo kwa masiku owerengeka zikhala ndi anthu pamudzi, pali mowa ndi ng'oma, monga kunaliri moto usanabuke. Gule atatha zibwerera kwao, ndipo eni mizinda adziwa mbali imene moto uli nayo pa kubwererako. Sitionjezapo. Ife tiyesa kuti wansembeyo analasa. Ndipo ngati analasa, ndiko kunena kuti makolo athu anaika pabwalo, caka ndi caka, mlandu wa pakati pa munthu ndi thengo, ndipo m'mlandumo woyamba ndeu ndiye munthu. Ophunzira a maiko akutali ayamba m'zaka zino kulemba mabuku za masewero onena za cilengedwe, popeza dziko lirikutentha. Ife tinali nalo sewero lotere tisanadziwe pepala. Ndipo silinali la pakamwa pokha. Kale kuyatsa chire kunali ndi mwini wace ndi nyengo yace, si ali yense wokhala ndi macesi. Ndipo ku Msinja kwa Makewana, ndi ku Bunda, kumene anthu ankapita kukapempha mvula, mitengo ya pa kacisi inali yosakhudzidwa.

Umboni uli pa matanthwe athu omwe. M'mapanga a Chongoni, ku Chentcherere, ku Mphunzi ndi ku Namzeze, muli zojambula zofiira zimene akuru ati nza Akafula, ndi zoyera za Acewa, zina za cinamwali, zina za zirombo za gule. Mu 2006 bungwe la UNESCO linawerengera malo awa, onse pamodzi 127, pa cuma ca dziko lonse lapansi. Ndipo caka cam'mbuyo mwace, 2005, linalemekeza Gule Wamkuru wa ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Kunsi kwa phiri, ku Mua, Bambo Claude Boucher anayamba malo a Kungoni mu 1976, nasonkhanitsa m'nyumba ya Chamare nkhope za gule zoposa 400, nalemba buku lace lalikuru loturuka mu 2012. Zodabwitsa ndithu, pakuti mishoni yomweyo ya 1902 ndiyo inalimbana kolimba ndi eni mizinda m'zaka za m'ma 1920 pa nkhani ya ana a sukulu! Tikondwera nao ulemu wonsewu. Koma kalata ya ku Paris siiletsa nkhwangwa. Zojambulazo zinakhala zaka zonsezi cifukwa nkhalango inazibisa. Pamene mitengo yatha, abusa a ng'ombe asonkha moto m'phanga, ndipo ana alemba maina ao ndi khala pamwamba pa nchito ya makolo.

Ndipo gule adya za m'thengo. Mpanje ndi mbalule sizisemedwa ndi kamtengo ka paini ka zaka zisanu. Zifuna thunthu lalikuru, ndipo osema ayenda ulendo wautali tsopano kulifuna. Nthenga, zikopa, luzi, nsungwi ndi udzu, zonse zimene diso liziona pabwalo, zinali za m'thengo la pafupi. Lero tiona matumba a feteleza ndi mapepala a pulasitiki. Sitinena ici monyoza, pakuti gule sanakane cinthu catsopano ndi kale lonse: anatenga Mzungu wofiira nkhope namucha Simoni, anatenga Maliya, anatenga ngakhale galimoto. Koma funsani ana anu. Kasiyamaliro amdziwa, nanga nchefu, imene akuru ati ndiyo cifanizo cace, anaiona ndani? Njobvu ya pabwalo, yoturuka pa maliro a mfumu, aidziwa. Njobvu zamoyo zatsala ku Thuma ndi m'nkhalango ya Dedza-Salima, ndipo mwana wa kumtunda kuno akhoza kukalamba osaiona. Tsiku lirinkudza pamene anamkungwi adzalangiza ana ndi maina a nyama zimene palibe wozikumbukira.

Coopsa koposa ndi ici, ndipo mafumu mucidziwa kuposa ife: kuti manda omwe ayamba kudyedwa m'mbali. Caka cino mwini munda aonjeza mzere umodzi, caka ca mawa iwiri. Pa maliro adula mtengo wa bokosi ndi wa nkhuni za osiwa, osabzala wina. Ndipo kuli midzi kumene mtengo waukuru unagwa usiku ndi maceka a alendo, ndipo kutaca palibe anafunsa, cifukwa onse anadziwa amene analandira ndalama.

Tsopano tinene za masewero a mtundu wina, odza ndi sukulu, amene tiwacha zisudzo. Ambiri a ife tinakula tirikumva Kapalepale pa wailesi, ndipo kuyambira 1997 sewero la Zimachitika linalowa m'nyumba zambiri. Koma cimene tifuna kuti mucisunge ndi nchito ya ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba. M'zaka za m'ma 1970 gulu lao loyendayenda linkanyamula masewero okonzeratu, ambiri a m'Cingelezi, kumka nao m'masukulu ndi m'matauni. Mu 1981, ku Mbalachanda m'boma la Mzimba, anayesa njira yina: anakhala pakati pa anthu, anamva madandaulo ao, napanga masewero ndi zimene anamvazo. Aphunzitsi ao Christopher Kamlongera ndi David Kerr analemba za nchito imeneyi. Kuyambira 1985, m'midzi ya ku Liwonde, pamodzi ndi a zaumoyo, anakulitsa njirayo pa nkhani za zitsime ndi zimbudzi. Sewero linalibe mapeto okonzeratu. Pofika pamene banja la m'seweromo lasowa cocita, wosewera anatembenukira kwa openya nawafunsa, Nanga inu mukadatani? Ndipo anthu anayankha, natsutsana, ena nalowa m'bwalo kusewera okha, kufikira mudzi utapangana cocita. Njira iyi tiibvomereza ndi mtima wonse, pakuti siiri yacilendo: ifanana ndi bwalo la mirandu, ndi nthano za madzulo zimene siziyenda popanda omvera kuyankha kuti tiri tonse.

Koma si zimene tiziona kawirikawiri masiku ano. Tsiku lina la msika, pa malo ena a m'boma lino, tinaona gulu la anyamata ndi atsikana litafika pa galimoto, ndi zokuzira mau ndi malaya olembedwa za mitengo. Sewero lao linali la mai wosadziwa kanthu wodula mtengo, ndi mlangizi wanzeru wobvala tayi. Maiyo agwidwa, alira, alapa, ndipo onse ayimba pamodzi. Anasewera bwino ndithu, sitiwamana. Koma ali pakati, lole yodzala ndi makala, yophimbidwa ndi lona, inapita pamseu kumbuyo kwao kulunjika ku Lilongwe, ndipo anthu anaseka loleyo kuposa sewero lonse. Atatha, analemba maina a ofika, nagawa zakumwa, ndipo dzuwa lisanapendeke galimoto inali itapita. Palibe anafunsa amai a pamsikapo kumene angapeze nkhuni zina. Palibe anafunsa mwini lole, kapena umo ipitira pa zipata za pamseu. Anawo sitiwatsutsa, afuna pogwira monga ana athu onse, ndipo anasewera zimene anawalembera. Koma sewero lotere liloza cala wosauka, amene asenza mtolo umodzi pamutu, ndi kutseka diso pa wosenza nkhalango yonse pa matayala.

Ndipo kwa ife a dziko lino liri ndi pfungo limene tilidziwa. Okalamba pakati panu akumbukira malimidwe. Litakhazikitsidwa lamulo la 1946 la zacilengedwe, akapitao anayenda m'minda kukakamiza mizere yopingasa ndi migula; wokana analipa faindi, wina anazulidwira mbeu, wina analowa m'ndende. Anthu anadana nazo kotero kuti mu 1953, pa nkhondo yokana citaganya, Inkosi Gomani II ya ku Lizulu inauza anthu ace kuti asamvere malamulo a malimidwe. Boma linaicotsa pa mpando, ndipo inamwalira mu 1954. Tsono taonani: mizere yopingasa ija lero tilima tonse popanda wotikwapula, pakuti iteteza nthaka ndithu. Ciphunzitso sicinali cabodza; cikoti ndico cinaciipsa, ndi kuyesa kwa ophunzitsawo kuti mwini munda ndi mbuli. Pamene Boma lomwelo, kuyambira 1926, linaika nkhalango za m'midzi m'manja mwa nyakwawa, midzi yambiri ya Cigawo ca Pakati inapatula malo ace niwasunga. Sewero la mai wopusa ndi mlangizi wa tayi ndilo malimidwe obvala zoseketsa, ndipo anthu aliombera m'manja masana, nadula mtengo usiku.

Alembi a masewero enieni sanacite cotero. Ku Russia kunali dotolo, Anton Chekhov, amene sewero lace Uncle Vanya linaonetsedwa ku Moscow mu 1899. M'menemo dotolo wa kumudzi ayala mapu atatu a dera lace: a zaka 50 zapitazo, a zaka 25, ndi a tsiku lomwelo, pa oyamba nkhalango ikuta theka la dziko ndipo nyama ziri zambiri, pa otsiriza kwatsala timadontho. Satukwana alimi, aona kuti njala, matenda ndi kuzizira ndizo ziwatuma. Ndipo mai amene alikumuonetsa mapuwo samvera konse, mtima wace uli kwina. Ndani wa ife, polankhula za mitengo pa msonkhano wa mudzi, sanaone nkhope yotere? Mu 1882, Henrik Ibsen wa ku Norway analemba za dotolo wina amene anapeza kuti madzi osambira odzetsa cuma m'mudzi mwao ali ndi matenda. Mkuru wa mudziwo, mbale wace weniweni, anafuna kuti nkhani ibisike, ndipo msonkhano wa anthu unamucha dotoloyo mdani wao. Kuno kwathu malemu Steve Chimombo anasindikiza mu 1978 sewero la The Rainmaker, la M'bona ndi kupempha mvula, nalembanso zambiri za Napolo, amene anagumula phiri la Zomba mu December 1946. Mu March 2023 namondwe Freddy anatsitsa matope ndi miyala ya phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe, ndipo m'Cigawo ca Kumwera anthu mazanamazana anafa. Phiri la Dedza, la mamita 2,198, liri ndi nyumba kunsi kwace monga Soche.

Mapu a dotolo uja ife tiri nao, koma sali pa pepala. Akhala pa mikeka pano. Agogo a zaka 80 akhoza kuyenda pabwalo ndi ndodo yao ndi kuloza: apa panali kasupe, apa tinkazula bowa, apa tinkatola masuku osagula, apa fisi anatenga mbuzi ya atate. Mdzukulu wao atsate pambuyo kunena cimene ciri pamenepo lero. Sewero limenelo silifuna galimoto kapena zokuzira mau, ndipo palibe wa mumzinda angalilembe.

Ena adzati, Ngati gule ali ndi mphamvu yotere, tiyeni timtume iye. Mabungwe alembe nyimbo za mitengo, apereke ndalama, ndipo zirombo zibvine pa tsiku lobzala. Zicitika kale m'malo ena, ndipo anthu asonkhana ambiri, pakuti ng'oma ya gule iitana kuposa kalata ya mfumu. Pa ici ife m'bungwe sitiri a mtima umodzi, ndipo ndi bwino kunena poyera. Ena a ife ati palibe coipa, popeza gule anayimba kale za ulesi, za cigololo, za matenda a Edzi. Aletsedwerenji kuyimba za makala? Ife olankhula tibvomera kuti ayimbe, koma tiopa kumtuma. Tinaona m'masiku a Kamuzu gule alikunyamulidwa pa malole kumka ku misonkhano ya cipani. Tiona lero tizirombo toima pamseu kupempha ndalama kwa apaulendo, kapena kuthamangitsa ana a sukulu, zimene eni mizinda enieni adana nazo. Manda aopedwa cifukwa gule aopedwa. Gule akasanduka waganyu, wobvina nyimbo ya ali yense wolipira, mantha adzatha, ndipo nkhwangwa idzalowa m'dambwe tsiku lomwelo. Cifukwa cace tinena kuti nyimbo ya mitengo, ikadza, idze kucokera kudambwe, yopekedwa ndi eni ace m'mau ao okuluwika, pa nyengo imene iwo aifuna. Wa kunja apemphe, asalamule. Ndipo kwa abale athu a mipingo ndi a Cisilamu, amene sangaime pabwalo la gule, tinena kuti palibe akukakamizani. Muli nao makwaya, magulu a acinyamata, ngoma ya Angoni, cimtali ndi beni. Ndipo manda anu ali ndi mitengo yofuna kusungidwa cimodzimodzi. Mtsinje wa Linthipe sufunsa wotunga kuti apemphera kuti.

Tafika pa cimene tadzera, ndipo tilankhula ndi inu mafumu, mwaulemu koma mosabisa, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Tipempha kuti mvula isanagwe nyakwawa ili yonse iyende malire a manda ace pamodzi ndi adzukulu okumba manda, eni mzinda ndi eni minda yoyandikana, masana, anthu alikuona, ndi kubzala khonje kapena nsungwi m'malirewo. Pamene khasu linalowa, libwerere. Lamulo la nkhalango la 1997 lipatsa nyakwawa mphamvu ya kupatula nkhalango ya mudzi ndi kuika komiti yoiyang'anira, ndipo mu 2020 anaonjeza zilango za ooca makala popanda cilolezo. Sitipempha lamulo latsopano, koma kuti mugwire limene liripo. Nyengo yobzala mitengo iyamba pa 15 December kufikira pa 15 April. Mbande za nazale zisakhale za bulugamu ndi paini zokha, koma mbawa, mlombwa, msuku, mkuyu ndi nsangu, ndipo wodula mtengo wa maliro abzale m'malo mwace asanamete.

Za magulu a zisudzo odza kucokera kunja: alandireni, pakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma pakuwapatsa bwalo, apatseni ndi mau awa: kuti agone m'mudzi masiku angapo asanasewere, apite ndi amai ku nkhuni ndi ku madzi, akhale ndi ooca makala pa uvuni ndi kumva mtengo wa thumba pamenepo ndi mtengo wace mumzinda, ndipo ana a mudziwo asewere nao pamodzi. Gulu lokana izi lisewere pamsika, si pabwalo la mfumu.

Cotsala ndico cobvuta. Ana a mudzi akayamba kusewera zimene adziwa, tsiku lina adzaturutsa pabwalo nyakwawa yolandira ndalama ya mtengo wa pamanda, kapena yogawa munda pa kasupe, kapena mlonda wa pa cipata wotambasula dzanja. Sadzachula dzina, koma mudzi wonse udzadziwa. Pamenepo mfumu idzacitanji? Ikalipitsa anawo mbuzi, masewero onse a m'dera limenelo adzabwerera kwa mai wopusa ndi mlangizi wa tayi, ndipo tataya nthawi yathu lero. Kumbukirani kuti gule sanaleke mfumu ndi kale lonse. Nyimbo za pabwalo zadzudzula mafumu aumbombo ndi oweruza mokondera, mfumu iri pa mpando pomwepo, ndipo palibe inaimitsa ng'oma. Tipempha kuti ufulu umene makolo anapatsa zirombo, inu muupatsenso ana osabvala kanthu kumaso. Tifuna kuti mfumu iri yonse yobvomera ici inene pamaso pa anzace lero, kuti mau ace alembedwe.

Mlembi ali ndi pepala pa gome. Alembapo dzina la mudzi, tsiku limene nyakwawa idzayenda malire, ndi mbeu za mitengo zimene mudzi ufuna. Amene sanafike atumize yankho lao ndi mthenga msonkhano wotsatira usanacitike. Pali funso limodzi limene ife ziwalo sitingathe kuliweruza, ndipo tilisiya m'manja mwa Agogo Calo ndi eni mizinda: osema ng'oma atipempha kuti tifunse ngati mtengo wakugwa wokha m'manda ungaperekedwe kwa iwo, ndipo ngati nkutheka, wopereka ndani. Bambo Wapampando, tabweza bwalo.